Phiri Lopanda Chingwe: Njinga ndi Tinjira ta ku Nsambe

M'mapiri a Alps ku Ulaya muli midzi imene chuma chake chonse chinamangidwa pa kutsetsereka. M'nyengo yozizira alendo amakatsetsereka pa chipale chofewa, ndipo chipalecho chikasungunuka, kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala, zingwe zomwe zija zonyamula anthu pa mipando yolendewera zimayamba kunyamula njinga. Munthu amagula tikiti, n'kukoleka njinga yake pa mpando, chingwe n'kumukweza mpaka pamwamba pa phiri, iye n'kutsika ndi liwiro la mtima bii, akafika pansi n'kukaimanso pamzere. Morzine ndi Les Gets, ku France, ndi ena mwa malo otchuka pa zimenezi, ndipo ali m'gulu la malo 12 otchedwa Portes du Soleil, omwe anayala zingwe zawo mbali zonse ziwiri za malire a France ndi Switzerland. Koma kumalo otere kumafikanso wopalasa wa mtundu wina, amene sanabwerere chingwe. Iye akufuna kukwera chitunda ndi miyendo yake, kudutsa chigwa, kutulukira mudzi wina, n'kubwerera madzulo podzera njira ina. Akatambasula mapu omwe am'patsa, amapeza mizere yobiriwira, yabuluu, yofiira ndi yakuda, yonse yoyambira pamene chingwe chathera n'kuthera pamene chingwe chayambira. Dziko lonse ndi mapiri okhaokha, koma njira yake iye palibe.

Masewero awiriwa ndi osiyana kwambiri kuposa momwe amaonekera kwa munthu woonera patali. Wa downhill, ndiye kuti wongotsika, amakwera njinga yolemera makilogalamu 16 kapena kuposerapo, ya mashoko kutsogolo ndi kumbuyo omwe amabonyera mpaka masentimita 20, chishalo chili pansi, magiya ochepa. Njinga yotereyi pa chitunda ndi katundu wongokankha. Mpikisano wake umatha m'mphindi zitatu mpaka zisanu, munthu aliyense payekha, atavala chisoti chobisa nkhope yonse. Wa cross-country, woyenda mtunda wokwera ndi wotsika, njinga yake imalemera makilogalamu 10 kapena 11, mashoko ake ndi aafupi, magiya ake ndi okwerera, ndipo mpikisano wake umatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka anthu atanyamukira pamodzi. Woyambayo amafuna phiri ndi chomukweza. Wachiwiriyo amafuna njira zambiri zolumikizana.

Onse awiri anabadwira khomo limodzi. M'zaka za m'ma 1970, achinyamata a ku Marin County ku California, ena mwa iwo Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatola njinga zakale zamatayala onenepa n'kumatsika nazo m'misewu yafumbi ya kufupi ndi phiri la Tamalpais. Mpikisano wawo woyamba wodziwika, Repack, unayamba mu 1976, ndipo unali wongotsika: mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita atatu, mabuleki n'kumafika pansi akufuka utsi. Kukwera phirilo kunali kukankha kapena kukwezedwa pa galimoto. Chimene chinasintha zinthu ndi magiya omwe anayamba kuika pa njingazo, chifukwa munthu akatha kukwera yekha sakakamizikanso kubwerera pamene anachokera. Mpikisano woyamba wa dziko lonse pansi pa bungwe loyang'anira masewero a njinga la UCI unachitikira ku Durango, ku Colorado, mu 1990, ndipo mitundu yonse iwiri inalipo. Mu 1996, ku Atlanta, cross-country inalowa m'masewero a Olimpiki, pamene downhill sinalowemo mpaka lero. Koma eni zingwe za m'mapiri, omwe makina awo ankangokhala chilimwe chonse osagwira ntchito, anaona kuti kasitomala wawo ndi wotsikayo. Whistler ya ku Canada itatsegula paki yake ya njinga mu 1999, malo ambiri anatsatira. Choncho mapu aja sanalakwike: anajambulidwa ndi munthu wogulitsa matikiti a chingwe, ndipo amaonetsa zimene iye akugulitsa.

Nanga wopalasa uja njira yake amaipeza bwanji? Amapinda mapuwo n'kuyamba kufunafuna zimene zinalipo chingwe chisanabwere: njira zomwe abusa amakwezera ng'ombe ku msipu wa m'mwamba m'chilimwe, misewu ya odula mitengo, tinjira tolumikiza mudzi ndi mudzi. Amafunsa kwa wokonza njinga wa m'deralo, osati pa windo la matikiti. Kenako amakumana ndi lamulo. Ku Austria, lamulo la nkhalango la 1975 sililola kupalasa njinga m'misewu ya m'nkhalango popanda chilolezo cha mwini wake. Ku Baden-Württemberg, ku Germany, njinga siloledwa m'nkhalango pa njira yosakwana mamita awiri m'lifupi. Ku Graubünden, ku Switzerland, anasankha zina: woyenda pansi ndi wa njinga amagawana njira imodzi, pokhapokha pamene paikidwa chikwangwani choletsa. Pa zonsezi pakutuluka mfundo imodzi. Njira ya downhill imamangidwa ndi ndalama ndi makina, pamene njira ya cross-country nthawi zambiri imapezedwa, chifukwa ndi mapazi a anthu antchito omwe anaiponda kale, ndipo anthuwo amakhala ndi mawu pa njirayo.

Mfundo imeneyi ikumveka bwino kwambiri munthu akaima ku Nsambe. Derali lili kumtunda kwa boma la Neno, kwa Mfumu Yaikulu Dambe, m'mapiri a Kirk Range, omwe anatchedwa dzina la John Kirk, mnzake wa David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi, ndipo msana wa mapiriwa ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Neno inapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 138,000. Kumunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa kufupi ndi Shire, n'kotentha ndi kouma. Kumtunda kuno n'kozizira, kwa nkhungu, kwa mbatata ya kachewere ndi tirigu, manachesi ali cha m'munsi pang'ono. Chingwe chokweza anthu kulibe, monganso kulibe kwina kulikonse m'Malawi muno. Chimene chilipo ndi chija mlendo wa ku Alps amachisaka movutikira: tinjira tosawerengeka, topita kuchigayo, kudimba, kusukulu, kutchalitchi, kumsika, kuchipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist pa Nsambe pomwepo, ndi kutsidya kwa abale. Maganizo a nkhani ino ndi akuti ngati dera ngati ili lidzafune kulandira alendo a njinga, kapena kuphunzitsa ana ake masewerowa, lisadzatengere za kotsetsereka kuja. Chuma chake chili kale pansi, ndipo chimene chikusowa si makina koma mgwirizano ndi eni njira.

Amene amazidziwa njirazi ndi amene amazivutikira. Taonani mnyamata wonyamula kachewere pa njinga yakapalasa. Thumba limodzi walimanga pa kaliyala ndi malamba odulidwa ku chubu chakutha, lina walilowetsa pakati pa felemu, moti popalasira palibe. Pa chitunda amaima kumanzere kwa njinga, dzanja limodzi pa handulo, linalo kumbuyo kwa thumba, phewa litatsamira katunduyo, n'kumakankha masitepe khumi, kupuma atatchinga tayala ndi mwala, kukankhanso. Pa matsitso ndiye pamene pali ngozi yeniyeni: mabuleki a mphira akatentha kapena akanyowa sagwira, ndiye amatsika akuyenda chammbali, njinga ikumukoka, kapena ngati wakwera amaponda tayala ndi patapata mpaka mphira kununkha. Munthu ameneyu amadziwa pamene pali katondo woterera, pamene ulalo unakokoloka, pamene njira yachidule imapulumutsa nthawi ndi pamene imangomupha mawondo. Njinga za Buffalo, zomwe bungwe la World Bicycle Relief limafalitsa m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nafe, zinapangidwira moyo womwewu: zimalemera kuposa makilogalamu 20 ndipo kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Palibe angazitche njinga zamasewero, koma mwini wake amawerenga phiri mwaluso lomwe katswiri wojambula njira amalipiridwa.

Sikuti kanjira kalikonse n'koyenera. Tinjira ta m'mapiri tili mitundu iwiri. Tina timalunjika pamwamba mosakhota, chifukwa munthu wopanda katundu amafuna kufika msanga; timeneti mvula imatisandutsa ngalande, ndipo pakapita zaka zingapo pamakhala chigwembe. Tina timayenda chopingasa, kutsata nthiti ya phiri, kukwera pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri ndi ta ng'ombe, ta onyamula katundu wolemera ndi ta okalamba. Bungwe la IMBA, lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1988 ndipo limaphunzitsa kakonzedwe ka njira za njinga, limalangiza kuti kutsetsereka kwa njira kusapose theka la kutsetsereka kwa phiri lomwe njirayo ikudutsapo, ndiponso kuti pa mamita 100 alionse njira izikwera mamita osapitirira 10 mukaphatikiza ulendo wonse. Mlimi wa kumtunda kwa Neno sangadabwe nazo, poti ndi nzeru yomweyo ya akalozera m'munda: madzi ukawadula chopingasa amalowa pansi, ukawapatsa mzere wolunjika kumunsi amanyamula nthaka. Ndiye kusankha njira ya cross-country ku Nsambe n'kulumikiza tinjira topingasa tija, n'kusiya tolunjikato. Apa zofuna za wopalasa ndi zofuna za nthaka zagwirizana. Downhill imafuna zosiyana ndi zimenezi: malo otsetsereka kwambiri, mabuleki okhwekhwereza tayala, ndi anthu ambiri odutsa pamzere umodzi tsiku lonse. Ku Alps amalemba antchito ndi kugula makina okonzera zowonongekazo chaka ndi chaka. Pa phiri lolimidwa mpaka pamwamba, wolipira angakhale mwini munda wa kumunsi.

Wina anganene kuti ndalama zili kotsetsereka, ndipo sakunama. Mitima ya achinyamata imakopeka ndi liwiro, makanema ofala pa intaneti ndi a anthu ouluka m'malere, ndipo Africa ili naye kale katswiri wake: Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse wa downhill mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021. Koma tiyeni tione zimene zimakhala kumbuyo kwa munthu wotsikayo. Pamafunika chingwe kapena magalimoto okweza anthu, magetsi osazimazima, njinga zamtengo wa galimoto, ndiponso chipatala chapafupi chotha kulumikiza fupa la msana. Kummwera kwa Africa kuno, malo ngati Afriski ku Lesotho ali ndi njira zotsikira njinga chifukwa anali kale malo otsetserekera pa chipale chofewa, alendo ochokera ku South Africa ali pafupi. Ku Neno, ngakhale kuti bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lathandiza kwambiri zipatala kuyambira 2007, wovulala kwambiri pamwamba pa phiri ali ndi ulendo wautali asanafike pa thebulo la opaleshoni. Komanso ndalama za downhill zimathera pamalo amodzi, m'thumba la mwini chingwe. Wa cross-country amadutsa midzi, ndipo pamene wadutsa amafuna madzi, nthochi, mandasi, womulondolera njira, womumatira chubu, pogona. Mpikisano wa Cape Epic ku South Africa, womwe unayamba mu 2004 ndipo umatenga masiku asanu ndi atatu anthu akupalasa awiriawiri, umadutsa m'minda ya anthu mogwirizana ndi eni ake, wopanda chingwe n'chimodzi chomwe. Kwathu kuno, kumene njinga zamapiri zazika mizu, ku Luwawa pa Viphya, ku Chelinda pa Nyika ndi pa phiri la Zomba, zazika m'misewu ya m'nkhalango ndi m'tinjira tomwe tinalipo kale.

Chotsutsa chachiwiri n'chowawa kuposa choyambacho. Anthu a ku Neno akhala akulira msewu wa tala wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza kwa zaka zambiri. Dzinja likafika magalimoto amatitimira, kachewere amaolera m'matumba, mayi woyembekezera amanyamulidwa pa machira. Kodi si chipongwe kuuza anthu otere kuti njira zawo zovutazo ndi zokoma kwa mlendo wodzasewera? Chingakhale chipongwe ndithu ngati wina atanena kuti msewu uchedwe kuti malo akhalebe achilengedwe, ndipo maganizo otere, omwe amamveka nthawi zina pakati pa okonda zokopa alendo, ndi ofunika kuwakana poyera. Koma msewu ndi tinjira sizilimbana. Ku Alps komweko mlendo amafika pa tala, kenako n'kulowa m'njira za abusa. Popanda msewu wodalirika mlendo sabwera n'komwe, ndipo msewu ukadzatha, tinjira topita kudimba ndi kuchitsime tidzakhalapobe, chifukwa tala safika pakhomo la aliyense. Chofunika kusamala n'kukokomeza phindu. Njinga zamapiri sizingalowe m'malo mwa kachewere ndi tirigu. Zingapatse achinyamata angapo ganyu ya miyezi yopanda mvula, ndi amayi angapo msika wa chakudya, basi. Wolonjeza zoposa apa akufuna mavoti kapena thandizo la mabungwe.

Chotsutsa chachitatu ndiye chenicheni, ndipo sichitha ndi yankho limodzi. Kanjira ka kumudzi kali ndi eni ake. M'mawa mumadutsa ana a sukulu, amayi osenza ndowa omwe sangatembenuke msanga, mbuzi, agogo a ndodo. Njinga yamakono ya mabuleki amafuta imatsika mwakachetechete, ndipo pokhota pamene udzu watalika ngozi sichedwa. Pali njira zodutsa kumanda, zomwe mlendo sayenera kulowamo mwachisawawa, ndi zina zodutsa pabwalo la munthu, pomwe mwambo umafuna kutsika, kupereka moni ndi kupempha njira. Palinso malire: pamsana pa Kirk Range kanjira kangakulowetse m'Mozambique osaona chikwangwani chilichonse, zomwe kwa mwini dera ndi za tsiku ndi tsiku koma kwa mlendo wa pasipoti ndi mlandu. Malo ambiri kuno ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Choncho pofunsira palipo. Zimene a ku Austria analemba m'lamulo, kuno zili m'mwambo, ndipo safunsa anadya phula. Njira iliyonse yoti alendo azidutsamo iyenera kuyamba yakambidwa kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, anthu n'kunena okha kuti apa ayi, apa masana okha ana ali m'kalasi, apa mutsike mukankhe. Vuto latsopano ndi la mafoni. Mlendo mmodzi akajambula ulendo wake pa mapulogalamu a pa foni ngati Strava kapena Trailforks, mzere uja umakhala wa dziko lonse, ndipo wobwera pambuyo pake sasowanso womulondolera, sadziwanso zimene anagwirizana pabwalo la mfumu. Palibe angaletse foni kujambula. Chimene chingatheke n'kuchititsa kuti kuyenda ndi mwana wa m'deralo kukhale kopindulitsa kuposa kutsata mzere wa pa foni, ndipo ku mapiri ngati awa zimenezi sizovuta, pa chifukwa chomwe tichione kumapeto.

Tisanafike kumeneko, pali za ana a m'deralo, chifukwa masewerowa sayenera kukhala a alendo okha. Adrien Niyonshuti wa ku Rwanda, dziko la mapiri olimidwa ngati a ku Neno, anapikisana nawo pa cross-country ku Olimpiki ya ku London mu 2012, ndipo ndiye ananyamula mbendera ya dziko lake. Alan Hatherly wa ku South Africa anapata mendulo ya buronzi ku Paris mu 2024, chaka chomwecho n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse. Kukankha matumba sikusandutsa munthu katswiri, poti mpikisano umafuna mphunzitsi, chakudya chokwanira ndi zipangizo; koma mapapo ndi miyendo yokulira pa chitunda ndi poyambira pabwino, monga momwe mpikisano wothamanga wa onyamula katundu pa phiri la Mulanje waonetsera kwa zaka zambiri. Njinga yoyambira nayo si yodula ija ya matayala a mainchesi 29 ndi mabuleki amafuta, yomwe ikathyoka kachitsulo kamodzi iyenera kudikira katundu wochokera ku Blantyre kapena ku Johannesburg. Ndi njinga yamagiya yakaunjika, ya matayala a mainchesi 26 ndi mabuleki a waya, yomwe wokonza njinga wa pansi pa mtengo pamsika amaimasula ndi sipanala ziwiri n'kuimanganso dzuwa lisanapendeke.

Nyengo nayo imaika malire ake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo katondo amamatirira ku matayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, mitsinje yothira mu Wamkulumadzi ndi Lisungwi imadzaza, ndipo tayala lililonse lodutsa pa njira yonyowa limasiya mzere woti madzi autsate. Miyezi yopalasa ndi Meyi mpaka Ogasiti, kukuzizira, nthaka itagwirana. Seputembala ndi Okutobala n'zotheka, koma fumbi, kutentha ndi moto wolusa zimachuluka. Ndipo njira ya chaka chatha si njira ya chaka chino. Mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023 inaonetsa chigawo chonse cha kummwera momwe milatho ndi mapiri zimasinthira usiku umodzi, koma ngakhale dzinja wamba limagumula gombe, kukokolola ulalo, kapena mlimi amangolima pomwe panali njira n'kuikhotetsera kwina. Mzere wa pa foni sudziwa zimenezi. Ndiye chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu Meyi, wina ayenera kuyendanso ulendo wonse wapansi, kuona pamene padumuka, kukambirananso ndi eni minda, ndi kugwirizana kuti mitengo ya ulalo watsopano adula ndani, ndipo pa ndalama zomwe alendo asiya, zingati zipite ku ntchito imeneyo.